Anthu a m'Komboni pa Nyanja ya Mcere

Cinenero cimene tilembamo nyuzipepa ino cichedwa Cinyanja, ndiko kunena kuti cilankhulo ca anthu a kunyanja. Koma mutayenda m'makomboni a mu Lusaka, kuyambira ku Kanyama ndi ku Chawama kufikira ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, ndi kufunsa olankhula cinenero cimeneci kuti ndani mwa iwo anaiona nyanja ndi maso ake, obvomera angakhale owerengeka. Kumidzi nakonso nkhani ndi yomweyo. Madzi ambiri amene munthu wa ku Kanyama awadziwa ndi aja a m'dzinja, amene alowa m'nyumba usiku ndi kuyandamitsa mapoto ndi nsapato za ana. Dziko lathu la Zambia lazingidwa ndi maiko 8, ndipo liribe gombe la nyanja ya mcere ngakhale laling'ono.

Mwina ndi cifukwa cake ambiri a ife tinakula ndi maganizo akuti kukapumula kunyanja ndi mwambo wa Azungu ndi apamwamba. Munthu wamba, timatero, apumula pa zifukwa ziwiri cabe: akadwala, kapena kukagwa maliro. Tikamuona akwera basi yopita kutali, tidziwiratu kuti kwinakwake kwabvuta. Ine ndifuna kutsutsa maganizo amenewa, ndipo umboni wanga ndi ulendo umene ndinayenda ndi anzanga 5 a m'komboni m'mwezi wa Ogasiti caka ca 2019. Tinapita ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania popanda katundu wokagula ndiponso popanda wodwala wokazonda. Tinapitira kukadya, kuceza ndi kupumula.

Cilimba ca ulendo

Pagulu pathu panalibe wolemera. Panali kalipentala wa ku Chawama, dalaiva wa minibasi wa ku Kanyama, mphunzitsi wa ku Mtendere, mai wosoka zobvala wa ku George, mai wina wacikulire wocita malonda wa ku Matero, ndi ine. Tonse tinali pa cilimba cimodzi, ndipo tinali kukumana pakutha pa mwezi kupereka ndalama kwa amene nthawi yake yakwana.

Amene anayambitsa nkhaniyi, ngakhale mosadziwa, ndi mai a ku Matero aja. Iwo akhala akupita ku Dar es Salaam kwa zaka zambiri kukagula nsalu, nsapato ndi ziwiya m'masitolo a ku Kariakoo, kudzagulitsa mu Lusaka. Tsiku lina titatha kuwerenga ndalama, aphunzitsi anawafunsa kuti nyanja ya mcere ioneka bwanji.

"Aphunzitsi, musandicititse manyazi," anayankha motero. "Maulendo anga ndinaleka kale kuwerenga, koma phazi langa silinapondepo m'madzi amenewo. Nditsika basi, ndilowa m'masitolo, ndimanga mitolo, ndigona diso limodzi liri pa mitoloyo, m'mawa ndikwera basi. Nyanja ndingoimva fungo."

Tonse tinaseka, koma kusekako sikunapite patali. Kucokera ku Kariakoo kufika kugombe ndi mtunda wakuti munthu angayende wapansi. Mai amene analera ndi kuphunzitsa ana ao ndi malonda a mzinda umenewo anali asanapeze ola limodzi lakuti akaime pamcenga. Aliyense wa ife anadziona yekha m'mau aowo. Lamulo la nchito la mu 2019 lipatsa wanchito wolembedwa masiku awiri a chuti pa mwezi uliwonse. Nanga wamalonda, mlimi, kalipentala wa pansi pa mtengo, chuti cake apatsidwa ndi yani? Ngati sadzipatsa yekha, palibe wina adzampatsa.

Si onse anabvomera msanga. Adalaiva anakana kwa mtu wa galu. "Acimwene," anandiuza, "ndalama zonsezo kukaonera madzi? Kafue ali pafupi pano, ndingakuperekezeni kwaulere." Mau ao anali ndi nzeru, pakuti dalaiva wa minibasi akapanda kugwira ciongolero tsiku limodzi, tsiku limenelo kunyumba moto suyaka bwino. Motero tinaika malamulo atatu. Loyamba, aliyense azipereka K400 pa mwezi kwa miyezi 12, ndipo ndalamazo zisamagawidwe monga pa cilimba ca masiku onse, koma zizisungidwa kubanki m'maina a anthu atatu. Laciwiri, munthu asapereke kanthu asanalipire nyumba, asanagule unga ndi zofunika za ana kusukulu. Lacitatu, kaloba asayandikire ulendo umenewu. Akalipentala anaulula pambuyo pake kuti K400 yao sanaifunefune kutali: anaipeza m'matumba momwe munali kucokera ya mowa wa pa Ciweru. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Caka citatha, aliyense anali ndi K4,800 ndi pasipoti m'manja.

Pa njanji ya ufulu

Tinakwera basi kupita ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 200 kucokera mu Lusaka, ndipo kumeneko tinalowa m'sitima ya TAZARA yochedwa Mukuba. Acinyamata ambiri a lero aiona njanji imeneyi ngati zitsulo wamba, motero ndi bwino kukumbutsana. Pamene Ian Smith analanda ulamuliro mu Rhodesia m'caka ca 1965, njira zathu zakum'mwera zinakhala m'manja mwa adani a ufulu. Mkuwa wathu unafunika njira ina yofikira kudoko. Dr Kenneth Kaunda ndi Mwalimu Julius Nyerere anapempha thandizo ku maiko a Azungu, koma iwo anati njanji yotere siingapindule. Dziko la China ndilo linabvomera, ndipo pangano linasainidwa ku Beijing mu 1967. Nchito inayamba mu 1970 ndi kutha mu 1975, ndipo mu Julaye 1976 njanji inaperekedwa m'manja mwa maiko awiriwa. Ndi yotalika makilomita 1,860, yokhala ndi milatho yoposa 300 ndi mphanga zoboola m'mapiri zoposa 20. Anchito oposa 160 anataya miyoyo pomanga, ndipo mwa iwo oposa 60 anali ocokera ku China.

Amai awiri aja anakonza kamba wa paulendo wokwanira mudzi: nkhuku yokazinga, mbatata zophika, nshawa ndi zitumbuwa. Komabe pa siteshoni iliyonse imene tinaima kukali kowala, maso athu anali pa mabeseni a azimai ogulitsa pansi pa mazenera. Titapitirira Serenje, Mpika ndi Kasama, tinafika pa Nakonde m'mawa. Pamenepo ndi pa Tunduma mapasipoti anadindidwa, makwacha anasanduka mashilingi, ndipo mawochi anakankhidwa ola limodzi kutsogolo. Ku Mbeya, dziko lamapiri ndi lozizira, tinagula nthoci zoocha, makotapela akulu ngati mutu wa khanda, ndi mpunga wonunkhira umene fungo lake linadzaza cipinda conse. Mphanga zambiri ziri pakati pa Makambako ndi Mlimba, ndipo ife tinazipita usiku, tikungozimva ndi makutu sitima ikalowa pansi pa phiri. Kutaca tinali m'nkhalango ya Selous, imene mbali yake yaikulu tsopano ichedwa Nyerere National Park. Tinaona mbidzi, nswala ndi nyamalikiti popanda kulipira kobiri.

Muli mcere ndithu

Dzina lakuti Dar es Salaam ndi la Ciarabu, ndipo litanthauza malo a mtendere. Mzindawu unayambidwa ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860. Aphunzitsi atamva tanthauzo lake anati iwo sanayende ulendo uliwonse, pakuti acoka ku Mtendere ndi kufika ku Mtendere.

Sitinagone pakati pa mzinda pamene zipinda ndi zodula. Tinaoloka pa pantuni kupita kutsidya, ku Kigamboni, ulendo wa mphindi zocepa pamodzi ndi anthu a njinga, amai a madengu ndi ana a sukulu. Kuli ulalo waukulu umene unatsegulidwa mu 2016, koma anthu wamba ambiri anali kukondabe pantuni cifukwa ca kuchipa ndi kufupika kwa njira. Kumeneko tinapeza kanyumba ka alendo ka mai wina wa Ciswahili, zipinda ziwiri, cina ca amuna cina ca akazi, ndi khichini yakuti tingaphikemo tokha.

Madzulo a tsiku lomwelo tinapita kugombe. Munthu wozolowera mtsinje ayang'ana tsidya lina, ndipo akalipeza mtima ukhala pansi. Pano tsidya lina panalibe. Madzi anangopita mpaka kukakumana ndi thambo, ndipo sanali kuyenda kulowera kumunsi monga Luangwa kapena Kafue, koma anali kubwera kwa ife ndi kubwerera, kubwera ndi kubwerera, ndi mkokomo wosaleka. Akalipentala, munthu wa nkhani zosatha, anangoti kukamwa yasa. Mai a ku Matero anabvula nsapato, namanga citenje colimba, nalowa mpaka m'maondo. Anatapa madzi ndi dzanja nalawa.

"Ana inu, muli mcere ndithu!" anapfuula motero, ngati kuti zaka zonsezi anali kukaika.

Aphunzitsi anatifotokozera kuti m'lita imodzi ya madzi a m'nyanja zotere muli magalamu pafupi-fupi 35 a mcere, ndiko kuti masipuni awiri akulu, ndi kuti munthu akawamwa ludzu lingoonjezeka. Amai aja sanali kumvetsera. Anaima m'madzimo mpaka mdima unagwa, ndipo palibe anawafulumiza.

M'mawa mwake adalaiva anatidzutsa ndi mau akuti, "Acimwene, ukani, nyanja yathawa!" Tinathamanga, ndipo zinalidi zoona. Pamene dzulo panali mafunde panali mcenga wonyowa wa mtunda wautali, mabwato atagona cam'mbali, azimai akutola nkhono m'matamanda. Msodzi wina wacikulire amene anali kusoka ukonde anatiseka mwaulemu. Anati madzi acoka ndi kubwerera kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu apita kutali koposa ndi kubwerera ndi mphamvu koposa. Aphunzitsi anaonjeza kuti ndi mwezi womwewo umene uwakoka madziwo. Msodziyo anaticenjeza kuti mlendo asatengeke ndi mcenga ndi kupita kutali, pakuti madzi pobwerera sagogoda. Tinamvera, cifukwa kwa eni ufunsa eni.

Kamba wa m'madzi

Malo amene sindidzaiwala ndi msika wa nsomba wa pa Kivukoni, pafupi ndi pokwerera pantuni, umene eni ake aucha Feri. Mai wa nyumba anatiuza kuti tikafike pa "ola loyamba". Tinadabwa, kufikira anatimasulira kuti Aswahili ayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, motero 7 koloko ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba.

Ife tidziwa Soweto ndi phokoso lake, koma apa panali pena. Asodzi atsitsa nsomba m'mabwato ndi kuziunjika pa matebulo a simenti. Munthu mmodzi aima ndi kuchula mtengo, ogula amzinga ndi kupikisana, ndipo wopereka zambiri ndiye atenga. Ambiri mwa opikisanawo anali azimai, ndalama zomanga kunsonga kwa nsalu monga acitira amai athu. Tinaona jodari, nsomba yonenepa ya mnofu wofiira ngati wa ng'ombe. Nguru, yaitali ngati mwana wa Giredi 1. Ndi taa, yophwaphwatika ngati lichero, ya mcira ngati mkwapulo. Pakati pa zacilendo zonsezo tinapeza mbale wathu: tinsomba ting'ono-ting'ono towuma timene iwo aticha dagaa. Mai wosoka anatinunkhiza nati, "Uyu ndi kapenta, wangosintha dzina."

Cokondweretsa pa msikawu ndi cakuti pambali pake pali malo ophikira. Ugula nsomba yako, upereka pang'ono kwa wopala mamba, ndi kuipereka kwa amai okazinga. Ife tinagula nsomba zochedwa changu, ndipo posacedwa zinabwera m'mbale yaikulu pamodzi ndi mandimu, tsabola ndi nsima, imene kumeneko ichedwa ugali. Nsima yao ndi yolimba kuposa yathu, koma adya monga ife: asamba m'manja, akhala mozungulira, atema ndi dzanja lamanja. Nsomba ya m'nyanja ya mcere iribe fungo la matope monga mlamba, mnofu wake ndi wogwirana, ndipo minga ing'ono-ing'ono ndi yocepa.

Tikali kudya, mnyamata wina anabwera ndi thireyi akuitanira kuti, "Kamba! Kamba!" Akalipentala anaimitsa dzanja m'mwamba, kuganiza kuti anthu a kuno akazinga fulu. Ine ndinaganiza za kamba wa paulendo. Safunsa anadya phula, motero tinafunsa. Kamba wa Ciswahili ndi tizilombo ta m'madzi topindika, tofiira tikapsa, ta ndebvu zazitali, tooneka ngati dziwala lopanda mapiko. Amene anakulira kumudzi akudya ziwala ndi inswa sanabvutike nato, ndipo tinatha thireyi yonse.

Mlandu unabuka pa pweza. Ici ndi cinyama cofewa copanda fupa, ca mutu ngati thumba ndi miyendo 8 yokhala ndi timabowo tomamatira. Aciphika m'madzi ndi kucidula nthuli-nthuli, ndipo msuzi wake amuna a kumeneko aumwa m'makapu ndi kuutama kuti upatsa mphamvu. Adalaiva anabwerera m'mbuyo.

"Ine cinthu ca miyendo yotere sindingaike m'kamwa," anatero. "Anthu inu mudya bwanji zoopsa conco?"

Wogulitsayo, amene anayendapo pa malori mpaka ku Chipata ndipo anali kumva Cinyanja pang'ono, anafunsa modekha kuti, "Ndugu, si kwanu kumene ndinaona ana m'mbali mwa mseu akugulitsa makoswe pa timitengo?"

"Si makoswe amenewo, ndi mbewa!" tinayankha tonse pamodzi, mokwiya ndithu. Adalaiva anayamba kufotokoza kusiyana kwa mbewa ya kumunda ndi khoswe wa m'nyumba, kakumbidwe kake mwezi wa Julaye, kaphikidwe ndi kaumitsidwe kake. Msika wa mbali imeneyo unaima kumvetsera, ena akugwira pakamwa. Atatha kulankhula, wogulitsayo anatola nthuli ya pweza ndi kamtengo nawapatsa, nati, "Iyi ndiyo mbewa yathu." Adalaiva analandira, natafuna nthawi yaitali, nati ikoma ngati nthutumba ya nkhuku. Mwana wosayenda atama amake kuphika. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti cimene munthu acicha cakudya ndi cimene acicha conyansa, zonse anaziphunzira pa mkeka wa amake.

Mbuzi yosadya udzu

Masiku ena tinali kuphika tokha kuti ndalama zifike. Mai wa nyumba ataona amai athu akutendera ndiwo ndi nsinjiro zimene ananyamula, anakhala pansi kuonerera, ndipo mawa lake anati abweretsa mbuzi. Tinayembekezera nyama. Anabwera ndi kampando kamatabwa kopinda, kokhala ndi kacitsulo ka mano kutsogolo. Ndiyo mbuzi ya Aswahili, yopalira nazi, cipatso ca mgwalangwa wa kugombe cimene m'masitolo a mu Lusaka ticidziwa ndi dzina lakuti kokonati. Mai akhala pa kampandoko, apala mnofu woyera wa nazi, authira madzi ofunda ndi kuufinya, ndipo patuluka madzi oyera ngati mkaka ochedwa tui. Amenewo ndiwo nsinjiro zao. Awathira mu mpunga, m'nyemba, mu nsomba ndi m'ndiwo zamasamba.

Usiku umenewo pa mkeka panali mbale ziwiri za masamba a cinangwa osinja. Ina inali cigwada cotendera ndi nshawa, ina inali kisamvu cothira nazi. Masamba ndi amodzi, mtondo ndi umodzi, kusiyana kunali pa cotendera. Azimai atatuwo anali kulankhulana ndi manja ndi mau ocepa amene zinenero zathu zigawana, monga nyama, moto ndi mbuzi, koma anamvana bwino kuposa nduna pa msonkhano. Akalipentala anatenga kampando kaja, nakatembenuza-tembenuza, nakayesa ndi cikhato, nalemba miyeso pa cikwama ca macisa.

Pa Sondo ku Coco Beach

Funso la adalaiva lakuti kupumula ndi kwa olemera linayankhidwa pa Sondo masana, ku gombe lochuka la Coco Beach, kumpoto kwa mzinda. Nyumba za kumeneko ndi za akazembe ndi apamwamba, koma mcenga ndi wa onse. Tinapeza anthu miyanda-miyanda: onyamula katundu pamsika, oyendetsa njinga zamoto, anchito a m'nyumba, mabanja athunthu ndi agogo ao. Ana anali kugubuduka m'mafunde, anyamata akumenya mpira, azimai akulowa m'madzi atabvala nsalu zao zochedwa kanga, pakuti anthu a kugombe, ambiri a iwo Asilamu, alemekeza thupi monga ticitira kumidzi kwathu.

Cakudya ca pamenepo si ca mahotela. Ndi cinangwa cokazinga cong'amba pakati, cowaza mcere ndi tsabola, ndi saladi ya tomato ndi anyezi. Pali nyama yoocha pa timitengo yochedwa mishkaki, ndi machipisi okazinga pamodzi ndi mazira. Cakumwa ndi dafu, nazi wamuwisi amene mnyamata amsema pamwamba ndi cikwanje. Umwa madzi ake ozizira, ndipo pambuyo pake akupalira mnofu wofewa wa m'kati. Banja lonse likhuta ndi ndalama zimene kwathu bambo mmodzi amwera pa ola limodzi.

Pansi pa mtengo tinapeza madoda akusewera bao, imene ndi mbale wake wa nsolo: mizere inai, maenje 32, njere 64. Malamulo ake ndi ambiri kuposa a nsolo, ndipo akalipentala, katswiri wa ku Chawama, anadyedwa katatu motsatizana asanapambane kamodzi. Atapambana anagulidwa kapu ya khofi wowawa ndi kashata, siwiti ya nshawa. Ine ndinakhala pamcenga ndikuyang'ana khamu lija, ndipo ndinaona kuti anthuwa sanali olemera kuposa ife. Anangozolowera kuti pa masiku 7 pakhale maola ocepa akuti bambo, mai ndi ana akhale pamodzi osacita kanthu.

Ku Bagamoyo

Tsiku lotsiriza tisanabwerere tinakwera basi kupita ku Bagamoyo, tauni yakale ya kugombe, makilomita pafupi-fupi 70 kumpoto kwa Dar es Salaam. Kumeneko kuseka kunacepa. M'zaka za m'ma 1800 apa ndipo panali kuthera njira yaikulu ya amalonda yocokera ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika. Minyanga ya njobvu ndi anthu ogwidwa ukapolo anali kufikira pano, ndi kukwezedwa m'zombo kupita ku Zanzibar, kumene msika wa akapolo unatsekedwa mu 1873. Dzina la tauniyi amati licokera ku mau a Ciswahili otanthauza kutula mtima pansi. Anthu a cinenero cathu ambiri anali kuwaolotsa pa Nkhotakota ndi kuwayendetsa kupita ku Kilwa, kum'mwera kwa gombe lomweli. Kwa iwo, kuona madzi a mcere kunali kutsazika kwao kosabwereranso.

Pa mishoni ya Akatolika, imene inayambidwa mu 1868, anationetsa nsanja ya chalichi cakale mmene munagonekedwa mtembo wa David Livingstone. Iye anafera m'mudzi wa Mfumu Chitambo m'dziko lathu lino mu 1873. Anchito ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, naumitsa thupi, nalinyamula pamapewa kwa miyezi 9 kufikira anafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874. Ife mtunda wonga womwewo tinaudutsa masiku awiri titakhala pa mipando, tikudya nthoci. Ndiponso dzina la Kariakoo, kumene mai a ku Matero agula nsalu, licokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo imene inatenganso amuna ambiri a m'midzi yathu kukasenza katundu wa asilikali.

Titakhala pagombe la Bagamoyo tikudya nsomba yokazinga, mai wosoka anati, "Makolo athu anafika kuno ndi goli m'khosi, ena ndi katundu wa eni pamutu. Ife tabwera tokha, ndipo mawa tibwerera kwathu." Palibe anaonjezapo mau.

Mtengo wake ndi phindu lake

Sindifuna kunamiza owerenga kuti ulendowu unalibe mtengo. Tinakhala masiku 10 kunja kwa nchito. Mai wosoka anataya makasitomala awiri a madiresi a ukwati. Adalaiva atabwerera anapeza minibasi yapatsidwa kwa wina, ndipo anakhala milungu itatu akuyendayenda pa siteshoni asanapeze ina. Ndinawafunsa ngati anali kudandaula. "Acimwene," anati, "nchito inanditayapo kale kangapo popanda cifukwa, ndipo sindinatsale ndi kanthu kosimba. Ulendo uno yanditaya ndiri ndi nkhani youza adzukulu." Caka cotsatira, mu 2020, matenda a Covid-19 anabvutitsa maulendo a pakati pa maiko, ndipo tinathokoza kuti sitinazengereze. Mai a ku Matero atayambanso malonda ao anadziikira lamulo lakuti pa ulendo uliwonse, mitolo ikamangidwa, madzulo amodzi ndi a kugombe. Akalipentala anapanga mbuzi yao, ndipo cizolowezi cosunga K400 sanacileke.

Kwa inu abale a kumidzi, nthawi yabwino ndi ya pambuyo pokolola, nkhokwe zitadzaza ndipo nchito ya kumunda isanayambe. Tonse tidziwa kumene ndalama zambiri za thonje, fodya ndi nshawa zithera m'miyezi imeneyi. Yambani mwapatula za mbeu, za feteleza ndi za sukulu. Zotsalazo, m'malo mozimwera, sonkhanani anthu ocepa okhulupirirana, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo cipinda ndi mphika zogawana zichipa. Amene afuna kutuluka m'dziko atenge pasipoti nthawi ikalipo, afunse bwino za masiku a sitima kapena basi, ndi za makadi a katemera ofunika pamalire. Amai asatsale kunyumba, cifukwa ndiwo atopa koposa.

Ndipo si onse ayenera kufika ku Dar es Salaam. Wa ku Chipata, Katete kapena Petauke ali pafupi ndi nyanja ya Malawi: aoloka pa Mwami, apitirira Lilongwe, ndipo tsiku lomwelo adya chambo ku Salima. Wa mu Lusaka angafike ku Siavonga pa nyanja ya Kariba m'maola ocepa. Kuli Samfya ndi mcenga wake woyera pa Bangweulu, kuli Mpulungu pa Tanganyika kumene kucokera buka-buka ndi kapenta. Ng'ombe yolima timaimasula goli dzuwa likakwera, ndipo munda timaugoneka kuti ubwerere nthaka. Munthu amene alima mundawo ndi kuweta ng'ombeyo naye ayenera tsiku lake.